Amayi, mwanayo musamuletse, koma mumufunse kuti ndalamazo zimakagwera kuti

Amayi, mwafunsa kuti mwana wanu amene ali pa unesi ku UK amadulitsa ndalama mwezi ndi mwezi ku bungwe loteteza njovu, ndiye inu mwamva kuti alimi a ku Lumezi ndi Lundazi akulira ndi mabungwe omwewa, kodi ndi akuba, kodi mumuletse? Ndaona ena ayankha kale kuti onse ndi mbava, ena akuti azungu amakonda galu kuposa munthu basi nkhani yatha. Ine ndikambeko zanga, ikhala yaitali, amene bandulo yatsala pang'ono mundikhululukire.

Kuba kwenikweni kwakuti apolisi akagwire munthu, mabungwe akuluakuluwa nthawi zambiri sachita. Mabuku awo amawerengedwa chaka ndi chaka, ali ndi maloya, ali ndi ma akauntanti. Vuto lili pena. Kumudzi ng'ombe za munthu zikalowa m'munda mwako mumapita kwa anyakwawa, mwini ng'ombe amalipira, nkhani imatha. Nanga njovu mwini wake ndani? Ukaipha, boma limati ndi yathu, ndipo ukalowa jele. Ikafika nthawi yopempha ndalama ku London, bungwe limati thandizani njovu zathu. Koma ikadya chimanga chako kapena kuponda mwana wako, pamenepo ilibe mwini, ndi nyama ya m'tchire chabe, pepani. Anthu akukwiya ndi chimenechi, osati kuti amadana ndi nyama iyayi.

Nkhani imene mwamvayo ndi ya ku Kasungu. Paki ya Kasungu ili ku Malawi koma kumadzulo kwake yagundana ndi boda yathu, ndipo mbali ya kuno kuli Lukusuzi, pakati pake ndi midzi ndi minda ya anthu. M'ma 1970 pakiyo inali ndi njovu zoposa 1,000, opha nyama mozemba anazitha mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Ndiye mu 2022 boma la Malawi pamodzi ndi mabungwe oteteza nyama a IFAW ndi African Parks anasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita nazo ku Kasungu. Zithunzi zake zinayenda dziko lonse, njovu itagonekedwa ndi jekeseni, kireni itainyamula miyendo m'mwamba, zokongola ndithu kwa munthu amene akuonera pa foni ali pa sofa. Fensi inali isanathe, ndipo mbali ya boda yathu kunalibe fensi. Njovu sidziwa boda, sifuna pasipoti ya pa Mwami kapena Lusuntha. Kuyambira pamenepo anthu a mbali zonse ziwiri akhala akudandaula za minda kudyedwa, nkhokwe kugumulidwa ndi anthu kufa. Mu 2025 zinamveka kuti maloya a ku UK a Leigh Day aimira anthu 10 a ku Zambia ndi Malawi pofuna kuti IFAW iyankhe. Leigh Day ndi omwe aja anaimira anthu a ku Chingola pa mlandu wa makampani a migodi a Vedanta ndi KCM wa madzi oipitsidwa, mpaka khoti lalikulu la ku UK linavomera mu 2019 kuti mlanduwo ungazengedwe kumeneko. IFAW ikukana, ikuti iyo inathandiza ndi ndalama ndi ukatswiri, woyang'anira mapaki ndi nyama ndi boma la Malawi. Za mlanduwo aweruze ndi a khoti, ine ndikungoti mumve bwino yankholo, mwiniwake wa njovu wasowanso.

Amene simunagonepo m'munda kulondera njovu, ndikuuzeni mmene zimakhalira, ine ndinakhalako ku chigwa mbali za Mambwe nthawi imene ndinali kugula mpunga ndi nshawa. Chimanga chikayamba kukhwima bambo sagona m'nyumba. Amamanga kansanja m'mphepete mwa munda, pansi moto, pambali chigubu kapena chitini chakale ndi mtengo womenyera, tochi ya mabatire ofooka. Ena amaumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, kuziyanika, usiku nkumazitentha kuti utsi wake uzithamangitsa, koma mphepo ikatembenuka amene akutsokomola ndi kulira misozi ndi mwini munda. Ndipo njovu imayenda mwakachetechete zodabwitsa, chinyama chonse chija sumva phazi, umangomva phesi kuthyoka, kenako kununkha kwake. Mukuwa, mumenya zitini, agalu athawira m'nyumba, iyo ingoimika makutu nkupitiriza kudya. Kukacha munda umene munathira feteleza wa FISP wovutikira uja uli ngati bwalo la mpira. Mupite mukanene kwa a gemu, amene mpaka lero tonse timawatchula a ZAWA olo kuti ZAWA inatha mu 2016 nkukhala DNPW, abwera ngati motoka ili ndi mafuta, alemba m'buku, mwina aombera m'mwamba. Chipukuta misozi cha mbewu palibe. Mwana wa sukulu nayenso amadikira dzuwa likwere kaye asananyamuke poopa kukumana nazo panjira, ndiye afika piriyodi yoyamba itatha.

Manje yerekezani munthu ameneyo aone pa Facebook chithunzi cha kamwana ka njovu kakuyamwa botolo, pansi alemba kuti perekani lero mupulumutse moyo. Mumuuza kuti asatukwane?

Ndipo madandaulo otere sanayambire kuno. IFAW yomweyi inayamba mu 1969 ku Canada, anaiyambitsa Brian Davies polimbana ndi kupha tiana toyera ta nyama za m'nyanja yozizira zotchedwa seal. Zithunzi za tianato tili pa ayezi ndi maso aakulu zinabweretsa ndalama zambiri ku mabungwe angapo, mu 1983 maiko a ku Ulaya analetsa zikopa za tianato, msika wonse wa zikopa za seal unagwa. Amene anagwa nawo ndi a Inuit, eni dziko a kumpoto kozizira, amene sanali kupha tiana toyerato nkomwe, iwo amasaka zazikulu, kudya nyama nkugulitsa chikopa kuti agule mafuta ndi zipolopolo. Mu 2009 EU inaletsanso malonda a zinthu za seal, inati a Inuit sakukhudzidwa, koma ogula anali atathawa kale. Greenpeace ya ku Canada inachita kupepesa kwa a Inuit mu 2014. Kupepesa ndi bwino, koma papita zaka zingati pamenepo?

Ku America nako anthu amakangana ndi mabungwe a ziweto pa nkhani ya ndalama yomweyi. PETA, imene inayamba mu 1980, ili ndi malo osungira agalu ndi amphaka ku Norfolk, Virginia, ndipo malipoti amene imapereka yokha ku boma la Virginia amaonetsa kuti zaka zambiri nyama zochuluka zimene imalandira imazibaya jekeseni wa imfa. Iwo amati amalandira zodwalitsitsa ndi zolusa zimene ena akana. Koma mu 2014 antchito ake anatenga kagalu ka mwana wamkazi pakhomo pa eni ake nkukapha tsiku lomwelo, pamene lamulo limati adikire masiku 5, ndipo mu 2017 PETA inalipira banjalo $49,000. Lina ndi Humane Society of the United States, limene mu 2025 linasintha dzina kukhala Humane World for Animals. Anthu ambiri opereka ankaganiza kuti ndi likulu la malo osungira agalu a m'matauni mwawo chifukwa maina amafanana ndipo pa TV amaonetsa agalu ndi amphaka omvetsa chisoni, pamene ntchito yake yaikulu ndi makampeni ndi kumenyera malamulo. Mu 2014 ilo ndi mabungwe anzake analipira $15.75 miliyoni kwa Feld Entertainment, eni ake a sekasi ya Ringling Bros. imene inkaonetsa masewero a njovu, pa mlandu wa njovu za m'sekasi umene unagwa khoti litapeza kuti mboni yaikulu inali kulandira ndalama kwa odandaulawo. Bungwe lina la ziweto la ASPCA linali litalipira kale $9.3 miliyoni pa nkhani yomweyo mu 2012. Gogo wa ku Ohio amene amatumiza kachenje kake poganiza kuti akugulira galu chakudya sanauzidwe pa TV kuti kuli milandu yotere.

Koma apa ndiimeko kaye, chifukwa ena mu gulu muno mwayamba kuponya ma link ngati mwapeza uthenga wabwino. Zambiri zonyoza PETA ndi Humane Society pa intaneti zimachokera ku Center for Consumer Freedom, bungwe limene anayambitsa Rick Berman ndi ndalama za makampani, poyamba a fodya kenako a malesitilanti ndi zakudya. Manambala ena amene amatchula ndi oona, koma sakuwatchula chifukwa chokonda galu kapena mlimi wa kwa Chikomeni, akuteteza bizinesi yawo. Chimodzimodzi a safari za ulenje, akamalimbana ndi mabungwewa amakonda kunena kuti tikuyankhulira anthu akumidzi. Chabwino, ulenje umabweretsadi ndalama ku ma GMA, madera oyandikana ndi mapaki kumene ulenje umaloledwa, ngati Lupande ndi Lumimba, ndipo ma CRB, makomiti a anthu akumidzi oyang'anira zachilengedwe, amalipira nazo masikauti ndi kumanga timakalasi, koma funsani aliyense amene anakhalapo mu CRB mmene gawo lawo limachedwera kuchoka ku Lusaka. Ndiye mlimi amatchulidwa ndi mbali zonse ziwiri pa nthawi ya mkangano, ikafika nthawi yogawa ndalama dzina lake lili pansi penipeni.

Mukumbuka za mvuu za mu Luangwa? Mu 2016 boma linafuna kupha mvuu 2,000 pa zaka 5, likuti zachuluka ndipo pali chiopsezo cha anthrax. Bungwe loteteza nyama la Born Free la ku UK linakuwa, boma linaimitsa, mu 2018 nkhani inadzukanso, phokoso linabukanso. Ineyo pamenepo sindinakondwe ndi mbali iliyonse, boma silinafotokoze bwino za kampani imene inapatsidwa ntchitoyo, ndipo okuwa kunja sanabwere kudzafunsa msodzi kapena mayi wa dimba la m'mphepete mwa mtsinje kuti mvuu mukukhala nazo bwanji. Pulezidenti wa Botswana wa nthawi imeneyo, Mokgweetsi Masisi, mu 2024 anachita kuuza Germany kuti tikutumizirani njovu 20,000 mukhale nazo inuyo, iwo atayamba kukamba zoletsa kulowetsa zikopa, mitu ndi minyanga ya nyama zophedwa ndi alenje. Anthu anaseka, koma Botswana ili ndi njovu pafupifupi 130,000, munthuyo sanali kuseka.

Achimwene amene mwalemba kuti angotseka onse achoke, iyayi, pamenepo sindikuvomerezani. Pitani ku Mfuwe muone anthu angati akudya chifukwa cha South Luangwa, ma gaidi, ophika m'maloji, osoka, ogulitsa tomato. Conservation South Luangwa imachotsa mawaya a misampha pa miyendo ya nyama ndipo ili ndi anthu othamangitsa njovu m'minda ndi mfuti za tsabola. COMACO, amene ali ndi fakitale konkuno ku Chipata, amagula nshawa, mpunga, soya ndi uchi kwa alimi nkumagulitsa pa dzina la It's Wild!, ndipo anthu ambiri amene anali opha nyama anapereka mfuti ndi mawaya awo chifukwa anapeza pogulitsa mbewu. Nawonso ali ndi zofooka zawo, mlimi aliyense amadandaula mtengo, koma amenewa ukhoza kuwapeza pa ofesi nkukangana nawo maso ndi maso. Ndinaonanso mtundu wina, sinditchula dzina ndipo si awa ndatchulawa, anabwera ndi ma Land Cruiser oyera, wekishopu ya masiku angapo pa loji, alawansi, ma T-shirt, anajambula amayi atanyamula tsabola akumwetulira, sitinawaonenso. Ma T-shirt aja anthu akulimira mpaka lero.

Ndiye amayi, mwanayo musamukalipire, mtima wake ndi wabwino ndipo ndalama ndi zake, wagwirira usiku. Mungomuuza kuti atsegule webusaiti ya Charity Commission ya kumeneko, alembe dzina la bungwelo, aona ndalama zimene linalandira, zimene linagwiritsa ntchito popempha ndalama zina, ndi antchito angati amalandira malipiro apamwamba. Ngati ndi la ku America afufuze Form 990, lipoti la ndalama limene mabungwe amapereka ku boma, ndi yaulere. Akatero awalembere imelo awafunse kuti kumene kuli njovu zanuzo, pa ndalama zanga ndi zingati zimapita ku fensi, ku nkhokwe za simenti zimene njovu singagumule, ku banja limene lataya munthu? Opereka mwezi ndi mwezi amayankhidwa msanga kuposa ife, chifukwa akaleka bungwe limamva. Akamuyankha ndi manambala ndi maina a midzi, apitirize. Akamutumizira chithunzi china cha kamwana ka njovu, asamutsire ndalamazo kwa amene ali pansi kuno.

Ndipo ngati chimene chimamukhudza ndi nyama zovutika, mumuuzenso za agalu a m'makomboni mwathu muno, Kapata, Mchini, Nabvutika, amene amangoyenda osabayidwa katemera. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi ana, ndipo akatswiri amati mukabaya agalu 70 pa 100 alionse matendawa amaduka. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akuchita zimenezi kuyambira 2015. Akabwera pa holide apite ku ofesi ya vetenale afunse kuti katemera wa agalu a komboni imodzi angafune ndalama zingati, ndipo inu a mu gulu amene muli ndi agalu, anu munabayitsa liti?