Ma playoff a baseball ku sekondale za ku America

Funso: Akonzi, ndimaonera baseball ya ana asukulu aku America pa YouTube koma ma playoff awo andisokoneza mutu, amayenda bwanji?

Yankho: Achimwene, state iliyonse ili ndi malamulo ake. Sukulu amazigawa potengera kuchuluka kwa ophunzira, ku Texas kuyambira 1A mpaka 6A, kuti tisukulu ting'onoting'ono tisamakumane ndi zimphona. Matimu ochita bwino mu district (gulu la sukulu za m'dera limodzi) amalowa mu ma playoff, omwe ndi chipulula, kwina mukagonja kamodzi basi mwatuluka, kwina mumasewera magemu atatu ndipo wopambana awiri ndiye amapitilira mpaka fainolo ya state. Gemu ndi ma inning (zigawo za gemu) 7, osati 9 ngati ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America. Chomwe chimandisangalatsa ine, pitcher (woponyera mpira womenya) akaponya mipira yambiri lamulo limamukakamiza kupuma masiku angapo, ndiye timu yodalira dolo mmodzi imaona zakuda.