TB ya m'diso munthu asakutsokomola n'komwe

Amayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti achimwene anu ali ndi TB ya m'diso pomwe sakutsokomola ndipo makhololo sanapeze kanthu. N'zotheka ndithu. Ambiri odwala TB ya m'diso mapapo awo amaoneka bwinobwino.

Vuto n'loti matendawa amabisala. Dokotala akathira mankhwala okulitsa mwanadiso n'kuyang'ana kumbuyo kwa diso, timabala ta chikasu timene amaona timafanana ndi ta matenda ena monga chindoko, toxoplasmosis, sarcoidosis, kapenanso kachilombo ka CMV mwa amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. N'chifukwa chake amayeza magazi a chindoko ndi HIV, kujambula pachifuwa, ndi kubaya pamkono jakisoni yoyezera TB yotchedwa Mantoux, imene amaiwerenga pakatha maola 48 mpaka 72. Mantoux ikatupa imangosonyeza kuti munthu anakumanapo ndi kachilombo ka TB, kuno kwathutu ndi ambiri. Ngakhale madzi a m'diso kawirikawiri sapezeka ndi kachilombo, ndiye dokotala amaphatikiza zonsezi n'kugamula.

Chimene ndikukanitsitsa: asamwe prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) payekha wogula okha, TB imakula nayo. Akayamba mankhwala a TB, omwe amatenga miyezi yosachepera 6, mitundu ya zinthu ikayamba kuoneka yofuwira athamangire kuchipatala cha maso, poti ethambutol, mmodzi mwa mankhwalawo, amatha kuwononga mtsempha wa diso.