Za kulosera nkhondo ya Taiwan, ine zinandidyera kireti

Achimwene mwafunsa kuti muwerenge nkhondo ziti zakale kuti muthe kulosera mmene zingayendere China atati alowe ku Taiwan, komanso kuti mabuku ake muwapeza kuti muno mu Lilongwe. Ndiyankheko mbali imene inandiwotchapo ine. Choyamba aja akuyankhani kuti China ali ndi asilikali ambiri ndiye nkhani yatha musawamvere, ine ndinalankhulapo choncho ndipo ndinagula kireti yathunthu ya zakumwa pa Nsungwi anthu akundiseka.

Munali mu February 2022, mwezi umene Russia inalowa ku Ukraine. Nthawi imeneyo ndinali nditawerenga kwambiri za Czechoslovakia, mmene Soviet Union ndi anzake analowera usiku wa pa 20 August 1968, anayamba ndi kulanda bwalo la ndege la ku likulu la dzikolo, Prague, ndege zonyamula asilikali nkumatera motsatizana, mmene kumacha akasinja ali kale pakati pa mzinda. Ku Kabul, likulu la Afghanistan, mu December 1979 anayambiranso pa mabwalo a ndege, dera la Crimea ku Ukraine mu 2014 a Russia anangotenga ngati akutola chikwama pamsewu. Ndiye pa 24 February, linali Lachinayi, nditamva kuti ma helikopita a Russia atera pa bwalo la Hostomel pafupi ndi Kyiv, likulu la Ukraine, ndinati eya ndi zomwe zija, ndinachita kusiya bawo kuimirira nkuwauza anyamata kuti pofika Lamlungu kulibenso boma la Ukraine. Mnzanga wina wokonza njinga za kabaza, munthu amene sanatsegulepo buku la mbiri olo tsamba limodzi, anangofunsa ali chiweramire kuti "nanga mafuta awo azibwera bwanji?" Tinabetcherana pompo. Zotsatira mukuzidziwa, mzere wa magalimoto ankhondo wa makilomita pafupifupi 60 unangoima kumpoto kwa Kyiv, mafuta ndi chakudya zikuvuta, kunja kwa tala matope okhaokha moti sakanapatuka, ndipo pofika kumayambiriro kwa April anali atachoka dera lonselo. Mpaka lero pa Nsungwi amandiitana kuti jenerali.

Chimene chimandiwawa nchakuti mabuku aja sanandinamize. Pulani ya Russia inalidi ya ku Prague yomwe ija, kulanda bwalo, kutsitsa asilikali, kugwira likulu anthu asanadzuke. Zimenezo mbiri inandiuza bwinobwino. Koma sinandiuze kuti a Ukraine adzalisambitsa bwalolo ndi mizinga mpaka ndege zikuluzikulu kulephera kutera, komanso vuto linali langa, ndinasankha nkhondo zitatu zokha zogwirizana ndi zimene ndimafuna. Nkhani ya Finland inali pomwepo pa shelefu, Soviet Union inalowa pa 30 November 1939 poganiza kuti ndi ntchito ya masabata ochepa, inakakamira mu chipale mpaka March 1940, malo inatengako koma dziko silinagwe. Ine imeneyo ndinangoidumpha dala.

Ndiye pa Taiwan panu, musayambe ndi kuwerenga kuchuluka kwa asilikali ndi ndege, yambani ndi funso la mnzanga uja. Ife a mu Lilongwe zimenezi sitifunika kuphunzitsidwa, mathanka a mafuta akangochedwa kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam mumaona nokha mizere pa mafilingi, anthu kugona mmagalimoto, zigubu mbwee. Tsono ganizirani gulu lankhondo loti chipolopolo chilichonse, dizilo, mpunga, mankhwala, zonse ziwoloke nyanja ya makilomita 130 pamalo popapatiza kwambiri, tsiku ndi tsiku, wina akukuwomberani.

Werengani ziwiri izi. Yoyamba ndi ya ku Kinmen, October 1949, imene ambiri muno sanaimvepo. Kinmen ndi kachilumba kali pafupi kwambiri ndi gombe la China moti mzinda wa Xiamen umaoneka ndi maso, koma asilikali achikomyunizimu a ku China pafupifupi 9,000 atawoloka usiku pa mabwato amatabwa, madzi anaphwera mabwato nkutsakamira pamchenga, kutacha anawotchedwa ndi asilikali a boma lakale la China limene linathawira ku Taiwan, gulu lachiwiri linasowa chokwera ndipo amene anawoloka aja anathera komweko, ena kufa ena kugwidwa. Yachiwiri ndi Normandy, gombe la ku France, 6 June 1944, pamene asilikali a America, Britain ndi anzawo pafupifupi 156,000 anatsika tsiku limodzi kukamenyana ndi ma German. Koma muone zimene zinafunika kuti zitheke, mlengalenga ndi panyanja anali akulamulira ndi iwo, anachita kupanga madoko oyandama nkuwakoka kuchokera ku England, ndipo ngakhale zinali choncho anachedwetsa ndi tsiku limodzi chifukwa cha nyengo yoipa. Anapusitsanso ma German kuti aziyembekezera ku Calais, gombe lina la France. Lero ungabise bwanji zombo mazanamazana pamene zithunzi za setilaiti ngakhale atolankhani akumagula? A America omwe mu 1944 anakonzapo pulani yolanda Taiwan mmanja mwa Japan, anaisiya nkulowera ku Philippines kenako Okinawa.

Koma apa mpamene ndikuchenjezeni kwambiri, musatenge Kinmen nkuyamba kulalikira kuti China sangathe, mudzagula kireti ngati ine. China wa mabwato amatabwa si wa lero, pano pa kuchuluka kwa zombo zankhondo palibe womuposa padziko, ndiye kuli ma drone ndi mizinga youluka kutali zimene a mu 1944 sanazilote nkomwe. Mwinanso sangatsike pagombe nkomwe, akhoza kungozinga chilumba kuti gasi ndi mafuta zisalowe, poti Taiwan pafupifupi mafuta ake onse amachita kuitanitsa kunja. Pamenepo Normandy yanuyo ikuthandizani chani?

Chitsanzo china chili pafupi pompa. M23, gulu la zigawenga la ku Congo, inalanda mzinda wa Goma mu November 2012, pasanathe masabata awiri inatuluka, ndipo mu 2013 inagonjetsedwa ndi asilikali a Congo mothandizidwa ndi gulu la United Nations limene munali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Amene ankadalira mbiri imeneyo mu January 2025 ankati atulukanso, koma anakhazikika, mu February nkuwonjezera mzinda wa Bukavu. Mzinda womwewo, dzina la gulu lomwelo, mathero ena.

Za mabuku, yambani ku National Library ku City Centre, pitani mmawa ndi kope lanu mukakhale pansi, ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi kugula. Mavenda a mabuku akale ku Old Town nthawi zina amakhala ndi a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mwina K5,000 mpaka K15,000 kutengera makulidwe ndi mmene mwavalira tsikulo, nenererani. Koma tsegulani kumapeto musanalipire, ine ndinagulapo lina lonenepa bwino kukafika kunyumba mapu onse wina anathothola, mwina anakulungira mtedza, ndipo buku la nkhondo lopanda mapu ndi nsima yopanda ndiwo. Mavidiyo aja a pa YouTube okhala ndi mivi yofiira pa mapu ndi mawu a loboti, oti "maola 72 oyamba", asiyeni, angokumalizirani bandulo, onse amalankhula motsimikiza ngati ine pa bawo paja.

Mukalosera chilichonse lembani mu kope ndi deti lake, pansi pake mulembenso nkhondo imodzi yakale yotsutsana ndi maganizo anuwo, ndipo musabetche. Komanso amene munabwereka buku langa la Finland muli mu gulu lomwe lino, ndakuonani mwayankha pamwambapa, chonde bwezani.