Kusema, kugoba, kuzokota: mawu a amisiri a ziboliboli

Wina wafunsa: Mwana wanga analemba kuti "amalume akupala mvuu ya mtengo", aphunzitsi n'kumuchongera cholakwa. Analakwa pati?

Aphunzitsiwo sanalakwe. Kupala ndi ntchito ya kalipentala, yosalaza thabwa kuti likhale chitseko kapena tebulo. Mvuu, ng'ona kapena nkhwazi ya mtengo amachita kusema. Komabe kusemako kuli ndi magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi mneni wake. Mmisiri amadula chipika ndi nkhwangwa, n'kuyamba kuchisema ndi sompho, amene ena amati kasemasema, mpaka mutu ndi msana wa nyamayo zioneke. Akamachotsa zam'kati kuti pakhale mphako, monga kukamwa kwa mvuu yoyasamula, ndiye kuti akugoba. N'chifukwa chake mtondo, ng'oma ndi bwato timati amasema kunja, nagoba m'kati. Timizere ta mamba a ng'ona ndi nthenga za nkhwazi amazokota ndi tchizulo kapena kampeni. Pomaliza amasalaza ndi tupa ndi sandipepa, n'kupaka polishi. Dongo lokha ndilo amaumba, chitsulo amasula. Musamve wina akuti "anaumba njovu ya m'bawa".

Mneni woti kusema ulinso m'chining'a chija choti "amusemera chinyau", kutanthauza kuti amukonzera mlandu wabodza.

Funso lina: Kodi chiboliboli ndi fano n'chimodzi?

Ayi. Fano ndi chinthu chimene anthu amachipembedza. Chiboliboli ndi chithunzi cha munthu kapena nyama chosemedwa kapena choumbidwa, chokongoletsera kapena chokumbukira. Zimene amasema amisiri a ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 ku Mishoni ya Mua m'boma la Dedza, ndi ziboliboli kapena zosemasema, ngakhale zina zimakaikidwa m'matchalitchi. Kuzitchula mafano n'kuwanyoza eni ntchitoyo. Dzina la "zosemasema" ndi lotambalala: mipando ya ndalema, zipande ndi mabawo zimalowa momwemo.

Wachitatu akuti: Ndilembe "mbawa" kapena "m'bawa"? Nanga "osema" kapena "wosema"?

Lembani m'bawa. M woyambayo amatchulidwa payekha, monga m'mawu oti m'bale, amene amasiyana ndi mbale yodyera. Mlombwa ndi phingo safuna kachizindikiro aka ('). Munthu mmodzi ndi wosema, ambiri ndi osema. "Osema" pa munthu mmodzi ndi zololedwa pomulemekeza basi, monga "agogo ndi osema aluso".

Womaliza: Chiboliboli changa chawonongeka. Ndinene kuti chasweka?

Zitengera chimene chachitika. Chikagwa pansi n'kuduka mwendo kapena nyanga, chathyoka. Chikachita mng'alu chili chikhalire pashelefu, chang'aluka, ndipo kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti anasema mtengo wauwisi: kunja kunauma msanga, m'kati mukadali madzi. Kuchiika padzuwa kapena pafupi ndi moto kumakulitsa mng'aluwo. Mukaona timabowo ndi fumbi longa ufa pansi pake, chafumbwa. Tizilombo timakonda mbali yoyera ya kunja kwa mtengo, osati pakati polimba. Chiboliboli chakuda chikayamba kutuwa n'kumadetsa m'manja, chasuluka, ndipo apo dziwani kuti sanali phingo koma mtengo wina wopakidwa polishi wakuda wa nsapato. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, ndipo kuda kwake kumafika m'kati ngakhale mutapala ndi mpeni kunsi kwa chiboliboliko.