Yankho pa funso la mzere wa moyo mu Dead Space

Achimwene, mwafunsa ngati gemu ya Dead Space imene mwagula ili ndi vuto, popeza pa sikirini simukuona mzere wosonyeza moyo wa munthu wanu kapena chiwerengero cha zipolopolo. Musaibweze kumene munagula, chifukwa opanga anachita zimenezi dala pamene ankaitulutsa mu 2008. Yang'anitsitsani kumbuyo kwa Isaac Clarke, munthu amene mukumuyendetsa mu gemuyi: kuwala kumene kwatsata msana wa chovala chake ndiko moyo wake, ndipo kukayamba kuchepa, dziwani kuti zinthu zafika pothina. Zipolopolo zimaonekera pa mfuti pomwepo mukaloza, ndipo mukamafufuza katundu wanu masewera saima, moti chilombo chikhoza kukumbwandirani muli pakati posankha mankhwala.

Manambala akaikidwa m'makona a sikirini, diso limangothamangira kumeneko, ndipo nthawi iliyonse likatero mumakumbukira kuti mwakhala pampando m'chipinda cha lendi ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Akaikidwa pathupi la munthu amene mukumuyendetsa, diso silichoka mumdima umene iye alimo, choncho mantha ake amasanduka anu.

Gemu imene inandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi Far Cry 2 ya kampani ya Ubisoft, ya chaka chomwecho, imene nkhani yake ikuchitikira m'dziko lina la mu Africa losatchulidwa dzina. Mapu ndi pepala limene munthuyo amaligwira m'manja, ngakhale akuyendetsa galimoto, kotero mukawerama kuti muone njira mukhoza kugwera m'dzenje. Chachikulu n'chakuti amadwala malungo, ndipo akamugwira, zonse zimachita chimbuuzi mpaka ameze mapiritsi. Anzanga ena kuno ku Johannesburg amati zimenezi zimangosokoneza masewera, koma ine amene ndinagonapo ndi malungo ndili mwana kwathu ku Nkhotakota ndinachizindikira chizungulire chimenecho msanga, ndipo palibe nambala imene ikanandiuza bwino kuposa pamenepo kuti munthuyu wadwala. Ghost of Tsushima ya 2020 nayonso imakulondolerani njira ndi mphepo m'malo mwa muvi wa pa sikirini.

Ndivomere kuti pa TV yaing'ono kuwala kwa pamsana kuja kumavuta kuona nkhondo ikakula, ndipo masiku oyamba mudzafa kangapo musanazolowere. Sendezani mpando pafupi, muzimitse nyale, muvale mahedifoni, ndipo mukangotuluka m'chipinda chimene munali zilombo muziyamba mwayang'ana msana wa Isaac musanatsegule chitseko china.