Funsani za Makina: PlayStation ikati malo atha

Mwezi uno makalata ambiri amene andipeza ndi a PlayStation, ndipo madandaulo ake ndi ofanana: malo atha, mamega atha, pamene munthu anafikira pa gemu pasowa. Ndasankhapo anayi. Makina ambiri kuno kwathu amalankhula Chipwitikizi, ena Chingerezi, choncho mayina a menyu ndawalemba m'Chingerezi ndipo ofunika kwambiri ndawatchulanso m'Chipwitikizi.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi kabaraka ka magemu pafupi ndi msika kuno ku Ulongué. PS4 ndi imodzi, ya 500 GB, anyamata amalipira n'kumenya mpira. Sabata yatha FIFA 23 inafuna update koma makina anakana, akuti malo ndi osakwanira, chonsecho akuonetsa kuti patsala 30 GB ndipo update yakeyo ndi yaing'ono. Ndinapsa mtima n'kufufuta GTA V. Pano ndaibwezera kuchokera pa disiki, nayonso ikufuna update yake, mamega ndilibe. Kodi makinawa akundinamiza? Makasitomala ayamba kuthawira kwa mnzanga. — Wa kabaraka, Ulongué

YANKHO: Achimwene, makinawo sakunama, kungoti sakufotokoza. Poyamba, 500 GB yolembedwa pa katoni simuipeza yonse. Pulogalamu yoyendetsa makinawo imatengapo gawo lake, ndipo inu mumatsala ndi pafupifupi 408 GB. Chachiwiri ndicho chinakupsetsani mtima. PS4 ikalandira update, ndiye kuti zokonza gemu zobwera pa intaneti, siingoimata pamwamba pa gemu ayi. Imakopera mafayilo a gemuyo pamalo ena, n'kuwaphatikiza ndi atsopanowo, ikatero ndiye imataya akale aja. Inu a ku Angónia mukudziwa mmene zimakhalira posankha mbatatesi zowola m'thumba: zowolazo mwina ndi zisanu zokha, koma mumafunikabe thumba lina lopanda kanthu loti muzikhuthuliramo zabwinozo. Ndiye ngakhale update ikhale yaing'ono, malo amene makina amapempha nthawi zina amayandikira kukula kwa gemu yonseyo.

Pamene munapwetekera ndi pofufuta GTA paja. Anthu ambiri amaganiza kuti poti disiki ilipo, gemu yonse ili m'manja. Pa disiki pali gemu monga inalili tsiku limene inkatuluka ku fakitale. Zonse zimene anaikonza pambuyo pake zinalowa kudzera pa intaneti, ndipo munazigula ndi mamega anu. Mukafufuta gemu, update yake imapita nayo limodzi. Kwa anzathu amene intaneti yawo amalipira pamwezi mopanda malire zimenezi si nkhani, amangofufuta n'kudawunilodanso usiku. Kwa ife amene timagula mtolo wa data pa foni, kufufuta gemu kuli ngati kutaya ndalama m'madzi. Chokutonthozani n'chakuti save ya makasitomala anu, imene imasunga pamene anafikira pa gemu, sinapite, chifukwa imakhala pamalo ake payokha. Magemu ena amangokana kuitsegula mpaka update itabwerera, poti inasevedwa gemu ili yatsopano.

Tsiku lina malo akadzathanso, musadzayambire pa magemu. Lowani mu Settings, imene pa Chipwitikizi ndi Definições, mupite pa Storage, kenako System Storage, muone Capture Gallery. Pa kabaraka ngati kanu ndikutsimikiza kuti mupezamo katundu. Mnyamata aliyense akagoletsa chigoli chokoma amadina batani la SHARE, ndipo makinawo mwachizolowezi amasunga kanema wa mphindi mpaka 15. Ndinakhalapo pa baraka ina ku Moatize tikutsegula malo amenewa, tinapeza makanema a zigoli za anthu amene anasamuka kalekale. Fufutani amenewo. Mukatero muyang'ane FIFA zakale zimene palibe akuzifunsanso.

Koma ngati geni yanu mukuiona kuti ikupita patsogolo, gulani hard disk ya kunja. Kuyambira 2017, pamene pulogalamu ya makinawa inafika pa 4.50, PS4 imalola kusunga ndi kusewera magemu kuchokera pa hard disk yolumikiza pa USB. Iyenera kukhala ya USB 3.0, imene kawirikawiri kamwa lake limakhala la buluu mkati, ndipo kukula kwake kukhale pakati pa 250 GB ndi 8 TB. Muilowetse pa makina penipeni, osati podzera pa kachipangizo kogawa ma USB. Makina adzapempha kuifomata, ndipo chilichonse chimene chinalimo chidzafufutika, ndiye musabwereke ya alamu anu imene muli zithunzi za ukwati. Mukamaliza, gemu mumangoisamutsa ndi Move to Extended Storage, ndipo imapita pamodzi ndi update yake, osagula mega ngakhale imodzi. Musamaizule makina ali oyaka. Ndipo samalani ndi zimene zimagulitsidwa pa mphasa, zolembedwa ma TB ambirimbiri pa mtengo wa sopo. Zambiri mwa izo zimanama kukula kwake ndipo zimaononga zimene mwaikamo.

Za makasitomala akuthawawo: anthu awiri omenyana mpira pa makina amodzi safunika update. Makina akafunsa, sankhani zoti mudzaika nthawi ina, gemu ilowa. Update imakakamizidwa pokhapokha mukafuna kusewera ndi anthu a pa intaneti.

FUNSO: Bambo a kunyumba ali ku Johannesburg, anatumizira ana PS4. Anawo anailumikiza ku foni yanga. Kuyambira pamenepo ndikagula mamega madzulo, m'mawa ndimapeza atha, chonsecho usiku palibe amene amasewera. Makinawo amakhala ozima, kumangooneka kanyali kachikasu. Kodi ana akundibisira kanthu? — Mayi wa ana atatu, Zóbuè

YANKHO: Mayi, anawo musawakalipire, mwina nawonso sakudziwa. Kanyali kooneka ngati lalanje kaja kakutanthauza kuti makinawo sanazime, angogona. Amati Rest Mode, pa Chipwitikizi Modo de repouso. Ali chigonere choncho amatha kulowa pa intaneti okha n'kumakoka ma update a magemu, ndipo ngati hotspot ya foni yanu yatsala yoyatsa, amene akulipira ndinu.

Muitane mwana wamkuluyo mukhale naye pansi. Mu Settings alowe pa System, kenako Automatic Downloads, achotse kachizindikiro pa Application Update Files. Abwerere, alowe pa Power Save Settings, pamene palembedwa Set Features Available in Rest Mode, achotsenso pa Stay Connected to the Internet. Zikatero makinawo sakokanso ma update usiku mwa okha. Inuyo panokha muzithimitsa hotspot mukamagona, ndipo ngati nambala yachinsinsi yafalikira, isintheni.

Ine ndingakonde kuti kugoneka makina kuja musiyiretu. Ana akamaliza azidina batani la PS pa padi, imene kuno timati comando, kwa kanthawi, asankhe Power, kenako Turn Off PS4, ndipo adikire mpaka kanyali kasiye kuphethira asanazule chingwe pakhoma. Makina ogona amadyabe mayunitsi a magetsi a Credelec ngakhale pang'ono, ndipo magetsi akathima ali choncho amadzuka akudandaula kuti sanazimidwe bwino. Komanso kansalu kokongoletsa kaja kamene timakonda kufunditsa zinthu za pa sitandi, pa makinawa ayi akamagwira ntchito. Amafuna mpweya.

FUNSO: Amalume, ndakhala ndikumanga timu yanga mu Career Mode kwa miyezi 8. Lachiwiri kunagwa mvula ya mabingu, magetsi anathima gemu ili mkati moseva. Pano ikuti data yaonongeka. Mnzanga akuti ndilowe mu Safe Mode ndidine Initialize PS4, zonse zikhala bwino. Ndidine? — Wophunzira, Furancungo

YANKHO: Mphwanga, usadine. Chotsa kaye dzanja pa padiyo.

Initialize PS4, pa Chipwitikizi Inicializar PS4, imasesa makina onse: magemu, ma update, ma save a aliyense wa pa nyumbapo. Amatsala ngati angotuluka m'katoni. Mawu amenewa ndimawadziwa bwino chifukwa anandilizira mwana m'nyumba. Makina athu anayamba kulira ngati injini chifukwa cha fumbi ndi kutentha kwa mumzinda wa Tete, ndiye ndinawapereka kwa wokonza wina kuti angowapukuta mkati. Anapukutadi bwino, koma anaonjezapo kuwasesa, akuti kuti azithamanga. Sanandifunse, inenso ndinali ndisanakopere kalikonse. Madzulo mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye, anayatsa makina n'kupeza akumufunsa chilankhulo ndi tsiku. Anakhala pa mkeka padi ili m'manja, osayankhula, misozi ikungotsika. Zaka ziwiri ankasewera gemu imodzi Loweruka lililonse akamaliza ntchito za kusukulu. Gemuyo tinaibwezera tsiku lomwelo kuchokera pa disiki. Zaka ziwiri zija panalibe koti tikazitenge.

Chimene ungayese ndi ichi. Zimitsa makina kwathunthu. Dina batani loyatsira osalisiya mpaka umve kulira kachiwiri, patapita masekondi pafupifupi 7. Lumikiza padi ndi chingwe cha USB, chifukwa mu Safe Mode siigwira popanda chingwe. Sankha Rebuild Database. Imeneyi imangokonza ndandanda ya zimene zili mu hard disk, siifufuta save. Uwerenge kawiri usanadine, poti pa menyuyo ili moyandikana kwambiri ndi yosesa ija. Ikhoza kutha msanga, ikhozanso kutenga maola, ndiye usaiyambe kumwamba kukuchita mdima wa mvula.

Ndikuuze zoona: ngati magetsi anathima fayiloyo ili mkati molembedwa, Rebuild Database mwina siidzutsa. Ukatero ulowe mu gemu uone ngati pali save ina yakale pambali pake. Kubwerera m'mbuyo ndi masabata angapo kuli bwino kusiyana n'kuyamba pa chiyambi. Kuyambira lero uziseva pawiri, mayina osiyana, n'kumasinthanitsa.

Ndipo upeze fulashi. Siifunika yaikulu, chifukwa save ndi kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi gemu, kawirikawiri ma MB ochepa chabe. Ikhale yofomatidwa FAT32 kapena exFAT. Mu Settings lowa pa Application Saved Data Management, kenako Saved Data in System Storage, kenako Copy to USB Storage Device, usankhe gemu yako. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amakhumudwa nazo apa. Makina salola kukopera ngati dzina limene umasewerera silinalowepo pa akaunti ya PlayStation Network ngakhale kamodzi. Kutsegula akauntiyo n'kwaulere, kumangofuna imelo ndi mamega ochepa. Ndipo save imene wakopera imagwira pa akaunti yomweyo basi, ndiye imelo ndi nambala yachinsinsi uzilembe kumapeto kwa kope lako. Usaganizenso kuti hard disk ya kunja ndaitchula pamwambapa ikusungira save. Imanyamula magemu okha. Kwathu fulashi yake ndinaimanga ndi kachingwe kofiira n'kuikoloweka pa msomali kuseri kwa TV, ndipo Lamlungu lililonse madzulo mwana uja amakopera yekha, ine osamukumbutsa.

Amene amalipira PlayStation Plus save zawo zimatha kusungidwa pa intaneti, koma zimenezo zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene fulashi umagula kamodzi. Amene mukulakalaka PS5 dziwiranitu kuti pamenepo zinthu zinasintha. Makina oyamba a 2020 analembedwa 825 GB koma malo ogwiritsa ntchito ndi pafupifupi 667 GB, ndipo save ya gemu ya PS5 siikopereka payokha pa fulashi. Njira ndi PlayStation Plus, kapena kupanga Back Up ya makinawo pa hard disk ya kunja.

Ngati kwanu angakwanitse, kabokosi ka UPS konga ka makompyuta a mu ofesi kamakupatsa mphindi zingapo zoti useve ndi kuzimitsa bwino magetsi akathima. Ngati sangakwanitse, ukamva bingu loyamba seva, zimitsa, zula chingwe.

FUNSO: Disiki yanga inakalika, ndiye ndinabwereka ya mnzanga ya gemu yomweyo, imene anagula titapita ku Dedza. Yalowa bwinobwino koma ikundiyambitsa pa chiyambi, save yanga sikuiona. Yafufutika? — Mlimi wa tirigu, Tsangano

YANKHO: Sinafufutike, achimwene, ilipo. Madisiki amene amafika kuno amachokera kosiyanasiyana, ena ku South Africa ndi ku Portugal, ena ku America. PS4 imasewera onsewo, koma gemu imodzimodziyo ikakhala ya chigawo china makina amaiwerenga ngati gemu ina, yokhala ndi update yake ndi save yake. Tengani madisiki awiriwo muwayang'anitsitse, kapena pa msana wa zikuto zake. Mupeza zilembo CUSA zotsatana ndi manambala asanu. Ngati manambalawo akusiyana, chifukwa chake n'chimenecho. Lembani nambala ya disiki yanu yokalikayo pa kapepala, ndipo pokagula ina muipemphe muione m'manja musanapereke ndalama.