Kwa asisi ofunsa za bokosi lojambula TV kuno ku UK

Asisi, ndaona funso lanu loti bili ya TV ya cable ikukulemerani ndiye mukufuna kugula bokosi lanulanu lojambula mapulogalamu kuti musiye kulipira mwezi ndi mwezi. Zimatheka ndithu, ine kwanga ndi mmene ndinachitira, koma musathamangire ku sitolo ya Argos kaye chifukwa pali pena pomwe anthu amatayira ndalama zawo.

Bokosi logula nokha siligwira pa waya wa Virgin Media ayi, waya umene uja umangomva bokosi lawo, ndipo bokosilo ndi lobwereka, tsiku losiyana nawo mumabweza ndipo zonse munajambulamo zimapitira limodzi. Sky Q, bokosi la kampani ya Sky, nayo chimodzimodzi. Ndiye kugula lanu ndiye kuti mukuchoka pa cable kupita pa Freeview (matchanelo odzera pa eriyo) kapena Freesat (odzera pa dishi), zomwe zilibe bili ya pamwezi.

Musanagule kanthu suzumirani kaye pakhoma kuseri kwa TV. Mukapeza kasoketi kozungulira kongobaya waya osapota, ndi ka eriyo ya padenga, bayanipo TV yanuyo muisake matchanelo chifukwa ma TV akuno amabwera ndi Freeview mkati. Zikaoneka bwino osadukaduka, pamenepo bokosi lojambula la Manhattan T4-R kapena Humax Aura likukwanirani, ndipo ine ndinganene kuti tengani ya 1TB, ya 500GB imadzaza msanga ana akangodziwa batani lojambulira. Ngati panja pali dishi yomwe anasiya omwe ankakhala m'nyumbamo kale, imeneyo ndi ya Freesat poti imaloza setilaiti yomweyo ya Sky, koma apa ndi pomwe ndikupemphani musamale kwambiri: dishi yomwe inali ya Sky Q ili ndi kamutu kamtundu wina kutsogolo kwake kaja amati wideband LNB, ndiye ma Humax akale a Freesat otchipa aja a pa Facebook Marketplace sagwira pamenepo, mufunika bokosi la Freesat 4K. Ndipo ngati nyumba ndi ya lendi musaboole khoma landilodi asanavomere chonde.

TV licence (chiphaso choonera TV) yokha simuithawa, kuonera kapena kujambula TV ya layivu pa tchanelo chilichonse imafunika, mu 2025 inafika £174.50 pachaka.

Chomwe mutaye ndi mpira, izi auzirenitu alamu asadzadabwe Loweruka masana. Premier League ya layivu ili pa Sky Sports ndi TNT Sports, pa Freeview mupeza Match of the Day ya BBC One basi, pulogalamu yoonetsa zigoli masewera atatha. Ine ndimagwira usiku ku care home ndiye ndinangoiika pa series link kuti bokosi lizijambula lokha sabata iliyonse, ndikaweruka m'mawa Lamulungu ndimathira tiyi wanga, kuvula nsapato n'kuonera zigoli zonse ndisanagone, ndipo zimandikwanira.

China, ngati intaneti yanu ili pa bili imodzi ndi TV, afunseni mtengo wa intaneti payokha musanasankhe, nthawi zina kuchotsa TV sikutsitsa bili mmene mumaganizira ndiye mungachite bwino kusamutsa intanetiyo kupita kwina. Onaninso tsiku lomwe kontirakiti yanu ikutha, mukachoka pakati amakulipiritsani miyezi yotsala. Tajambulani soketi ya pakhomayo muponye pano tikuuzeni kuti ndi iti.